Kutsokomola magazi pambuyo poikidwa pacemaker

Achimwene, mwati bambo ayamba kutsokomola magazi patangotha masiku awiri chiwaikireni pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino. Musadikire kuti kuche, pitani nawo kuchipatala lero lomwe.

Poika kachipangizoka, adokotala nthawi zambiri amabaya mtsempha wodutsa pansi pa fupa la pakati pa khosi ndi phewa, kuti alowetse waya wopita kumtima. Nsonga ya phapo ili pafupi pomwepo, ndiye singano ikhoza kulilasa, mpweya kapena magazi n'kuyamba kudzadza m'chifuwa. Sizichitikachitika, koma ngati akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, magaziwo sasiya msanga.

Musawasiyitse mankhwalawo panokha. Nyamulani timabotolo tonse, akawajambule X-ray ndi kuwayeza INR, muyeso woonetsa momwe magazi awo akuchedwera kuundana. Akayamba kubanika, musadikire pamzere, auzeni anamwino pomwepo.