Funsani Azakhali: Agogo alowa mu foni

Mwezi uno munachita kupangana eti? Makalata ambiri omwe ndalandira ndi a nkhani imodzimodzi, agogo ndi mafoni, ena mukuseka, ena mukukangana, ena mukulira. Ndasankhapo anayi, enanu musakwiye, yankho lanu lili momwemu.

Azakhali, ndili ndi kavidiyo ka agogo anga aakazi komwe ndikakaonera ndimaseka mpaka misozi. Tinawagulira foni yamakono ndiye tsiku loyamba tinawaimbira video call amalume omwe ali kutali, agogo kutenga foni kuyika kukhutu mmene anazolowerera muja, amalume akungoona khutu basi, akukuwa kuti amayi chotsani foni kukhutuko, agogo nawo akuti ndikachotsa ndikumva bwanji iwe? Kenako atadziona pa sikirini anafunsa kuti nanga nkhalamba ikundiyang'anayi ndi ndani kkkkk. Ndikufuna ndikaponye pa TikTok koma achemwali anga aakulu akuti ndikufuna kuwanyazitsa agogo, pano sitikuyankhulana. Wolakwa ndani apa?
Mdzukulu wachisanu ndi chiwiri

Mdzukulu iwe, ndaseka mpaka oyandikana nawo kufunsa ngati ndili bwinobwino, ndipo zakukhutuzo ngakhale ine ndinapangapo, tisanamizane. Koma mlanduwu wabwera nawo kolakwika. Iwe ndi achemwali akowo mukulimbirana khutu la eni ake pomwe mwini wake ali pompo, ali moyo, pakamwa ali napo. Kakhale nawo pansi uwaonetse kavidiyoko, ndipo uziyang'ana nkhope yawo osati foni. Akaseka nkunena kuti tabwereza ndionenso, ndiye kuti nthabwalayo ndi yanu nonse. Akangoti zii, kapena kufunsa kuti ndiye anthu andione chonchi osasamba nkomwe, basi nkhani yathera pomwepo, kasungeni m'banja.

Komanso powafunsapo usawabere. Ukangoti agogo ndiyike pa foni, avomera msanga poganiza kuti okaona ndi amalume ako aja. Uwauze zenizeni, kuti akhoza kuonera anthu ochuluka kuposa onse omwe anakumana nawo chibadwire, osawadziwa, ena amwano osaleredwa, ndipo kakapita kapita, iwe ukhoza kudilita kwako koma wina anadawuniloda kalekale, mawa ukapeza ayikamo nyimbo ina ndi mawu ena oti iwe sunawaganizepo.

Sindikuti kuponya nkoipa ayi. Mu 2016 mnyamata wina ku England anatsegula laputopu ya agogo ake a zaka 86 nkupeza kuti pofufuza pa Google anayamba ndi chonde nkumaliza ndi zikomo, ankafuna kudziwa kuti MCMXCVIII mu manambala achiroma ndi chiyani. Atawafunsa anati ankaganiza kuti kumeneko kuli munthu amene amayankha ndiye ukamupempha mwaulemu akuthandiza msanga. Mnyamatayo anajambula nkuponya pa Twitter, zinafalikira dziko lonse mpaka a Google enieniwo anayankha, kuwauza kuti ndi 1998 komanso kuwathokoza. Anthu anaseka inde, koma taganiza kuti wochita manyazi pamenepo anali ndani, si ifeyo amene timangolamula ngati foniyo ili nafe ngongole? Ku Taichung ku Taiwan nakonso, mu 2020, mdzukulu wina anaona agogo ake aamuna ndi aakazi a zaka za m'ma 80 akungowodzera mu shopu yawo yochapira zovala, nkuyamba kuwaveka zovala zomwe makasitomala anaziiwala osadzatenganso nkumawajambula pa Instagram ngati ma modelo. Anatchuka kwambiri. Koma agogowo anali mu sewerolo, akudziwa kuti akujambulidwa, akutchena dala.

Ndiye palinso mbali ina. Mu 2022 ku Melbourne ku Australia mnyamata wa pa TikTok anapeza mayi wina wachikulire atakhala payekha akumwa khofi, nkumupatsa maluwa, mnzake akujambula mobisa. Anthu mamiliyoni anaonera, makomenti mbwee, akuti ooo mayi wosungulumwa wamvetsa chisoni. Mayi uja anadzayankhula pa wailesi kuti sanali wosungulumwa, amangopuma, palibe anamupempha, ndipo anamva ngati angomugwiritsa ntchito. Kavidiyo kokoma kwa oonera kakhoza kukhala kowawa kwa wojambulidwa, ndipo oonera sangadziwe.

Achemwali akowo ali ndi mfundo, koma zoleka kuyankhulana chifukwa cha khutu ndi zachibwana. Mupite nonse awiri kwa agogo, ndikukayika ngati mukatulukeko musanasekere limodzi.

Azakhali, yanga si yoseketsa. Agogo anga aamuna ali ndi matenda oiwalaiwala aja, dementia, pano ngakhale ine sandidziwa, amanditchula dzina la malemu mng'ono wawo. Koma tsiku lina ndinayika nyimbo zakale zomwe ankakonda ali mnyamata, anadzuka nkuyamba kuyimba mawu onse osaphonya ngakhale amodzi, nkugwira dzanja agogo aakazi kuti avine nawo. Ndinajambula ndikulira. Ndikufuna anthu aone kuti munthu amakhala alimobe mkatimo, koma kuwafunsa sindingathe poti akavomera pano pakapita mphindi 5 aiwala. Nditani?
Wosweka mtima

Mwanangu, pepa. Kalata yako ndinayiwerenga kawiri. Zomwe unaonazo si zachilendo kwa osamalira odwala matendawa, nyimbo zomwe munthu anazikonda pa unyamata zimakhalitsa m'mutu ngakhale mayina a ana atachoka, ndiye chifukwa chake malo ambiri osamalira okalamba amagwiritsa ntchito nyimbo. Mwina unaonako vidiyo yomwe inafalikira mu 2020 ya Marta González, mayi wa ku Spain yemwe anali wovina ballet pa utsikana wake, ali pa njinga ya olumala, akudwala matenda oiwalaiwala a Alzheimer's, atamuyika mahedifoni nkumva nyimbo ya Swan Lake manja anayamba kuyenda okha ngati wabwerera pa siteji. Chaka chomwecho ku England mwana wa Paul Harvey, mphunzitsi wa nyimbo wopuma wa zaka 80, anapatsa bambo ake manotsi anayi okha, bambowo nkupeka nyimbo yathunthu pa piyano pomwepo, kenako gulu loimba la BBC Philharmonic linadzayijambula nawo. Ndipo simuli nokha, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2021 anthu 57 miliyoni padziko lonse anali ndi dementia, ambiri mwa iwo chifukwa cha Alzheimer's. Mavidiyo ngati amenewa athandiza anthu kusiya kuona odwalawa ngati anatha kale, izo sindikana.

Koma wanena wekha kuti sangavomere zoti nkuzigwira. Ndiye funso lisinthe, udzifunse kuti agogo aja unkawadziwa ali bwinobwino akanati chiyani? Pali madala ena oti kamera ikangotuluka amayamba okha kukonza kolala, pali ena oti ngakhale chithunzi cha chiphaso ankachita kuwakakamiza. Iweyo ukuwadziwa, ine ayi. Chachiwiri, mu vidiyomo muli anthu awiri. Agogo aakazi ali ndi nzeru zawo zonse, amene akuvinayo ndi mwamuna wawo, amene amamusambitsa ndi kumudyetsa ndi iwo, mawu omaliza akhale awo osati ako. Akati ayi usawanyengerere.

Akavomera, ponya ya kuvinayo yokha. Za tsiku lomwe asokonezeka, akulira, akufunafuna amayi awo omwe anamwalira kalekale, adzionongera, zimenezo ayi ndithu, ngakhale utati ukuphunzitsa anthu. Ndimaziona pa intaneti ndipo zimandinyansa, wina akufunsa agogo ake mobwerezabwereza kuti ndine ndani, ndine ndani, cholinga agogowo alakwitse anthu alire mu makomenti. Usatchule komwe amakhala, usaonetse pakhomo, munthu woiwalaiwala ndi wosavuta kumubera. Ndipo lero lomwe vidiyoyo uyisunge malo awiri kapena atatu, kwa mbale wako, pa imelo, pa kompyuta, mafoni amagwera m'madzi mwanangu. Nyimbozo uziwayikira kawirikawiri, ulendo wina foni uyisiye patebulo uvine nawo iweyo, kaya akutchule dzina la mng'ono wawo, vomera basi.

Azakhali, amayi anga a zaka 68 atitopetsa. Uthenga wopita kwa ine amaulemba pa status, tsiku lina dziko lonse linawerenga kuti ndikamwe mankhwala a m'mimba. Voice note amayamba ndi kudzitchula dzina ngati sitikuwadziwa, ikatha amaiwala kusiya ndiye timamva akukalipira mphaka mphindi 6. Dzana atumiza uthenga wa mafuno abwino kwa munthu osamudziwa nkomwe. Tiwalande foniyo tiwabwezere ya mabatani?
Mwana wotopa

Muwalande? Iwe, amene anakuphunzitsa kugwira supuni anakulanda kangati utadzithira? Status imafufutika yokha pakatha maola 24, manyazi ako a m'mimbawo anatha kale. Khala nawo pansi tsiku lomwe suli pa changu, chinthu chimodzi patsiku, foni ikhale m'manja mwawo osati mwako, chifukwa vuto la anafe timangolanda nkudinadina mwachangu nkuti mwaona, pomwe sanaone kanthu. Uwakulitsire zilembo, ma app osafunika uwachotse pamwamba. Chomwe uyenera kulimbikira kwenikweni si za status ayi, ndi kuwauza kuti nambala yachinsinsi kapena khodi yobwera pa meseji sapatsa munthu, ndipo wina akaimba ngati mdzukulu ali pamavuto akufuna ndalama msangamsanga adule aimbire iweyo kaye, masiku ano akuba akutha kukopera ndi mawu omwe.

Zotumiza uthenga kolakwikazo usadere nazo nkhawa kwambiri. Mu 2016 ku Arizona ku America agogo ena anatumiza meseji yoitanira mdzukulu wawo ku chakudya cha chikondwerero cha Thanksgiving, osadziwa kuti nambalayo inasintha mwini, inafikira mnyamata wa zaka 17. Atatumizirana zithunzi mnyamatayo anati inu si agogo anga koma ndingabwerebe kudzadya? Agogowo anavomera, anati ntchito ya agogo ndi kudyetsa aliyense. Anapitadi, ndipo anapitiriza kukumana chaka ndi chaka, ngakhale mu 2020 amuna awo a agogowo atamwalira ndi Covid mnyamatayo analipo. Komanso ku Japan Hamako Mori, wobadwa mu 1930, analowa mu buku la zopambana padziko lonse la Guinness World Records ali ndi zaka 90 ngati wosewera magemu pa YouTube wamkulu kuposa onse. Amayi ako a 68 ndi mwana. Ma voice note a mphakawo usadilite, udzandithokoza.

Azakhali, ine ndine bambo wa zaka 77, kalatayi akundilembera ndi mwana wa oyandikana nawo chifukwa adzukulu anga sindikufuna adziwe. Anandijambula ndikuvina pa chisangalalo china, akuti anthu anakonda kwambiri, nanenso ndinasangalala. Koma pano tsiku lililonse agogo vinani, agogo bwerezani simunaseke bwino, agogo valani chipewa ichi, mawondo anga akuwawa. Akuti tilemera. Kodi ndalamazo zilipodi? Nanga ndiwakanire bwanji osawakhumudwitsa, poti chiyambireni zimenezi ndi pomwe ayamba kubwera kudzandiona?
Agogo ovina

Bambo, zikomo pondilembera, ndipo chiganizo chanu chomalizacho chandikhudza kuposa mawondowo. Ndiyambe ndi ndalama. Ma like si ndalama, anthu kuonera kavidiyo kamodzi, kaya akhale ochuluka bwanji, si ndiye kuti kwinakwake kuli envelopu ikukudikirani. Pa YouTube mwachitsanzo, njira yodziwika yoti munthu ayambe kulandirako za malonda otsatsa ndi yoti akhale ndi omutsatira 1,000 komanso anthu aonere mavidiyo ake maola 4,000 m'miyezi 12, ndipo si mayiko onse omwe ndondomekoyi imafikako. Alipo okalamba omwe apezadi ndalama, makamaka makampani akamawalipira kuti atsatse katundu, koma ndi ochepa poyerekeza ndi omwe akungovinitsidwa. Ndiye muwafunse adzukuluwo mwachifatse kuti akauntiyo ili m'dzina la ndani, yalowapo ndalama zingati, akuonetseni ndi maso. Ngati ilipo, gawo lanu likhalepo, ovina ndinu.

Pa zowakanira, simukuyenera kupepesa. Tsiku loyamba lija munavina chifukwa nyimbo inakulowani, ndicho anthu anakonda, izi za bwerezani simunaseke bwinozi ndi ntchito, ndipo inu ntchito munapuma. Auzeni kuti kujambula ndi tsiku limodzi pa sabata, inu ndi amene muzisankha, ndipo chilichonse muzichiona kaye chisanapite. Mawondowo mukaonetse kuchipatala, musangopirira.

Ndiye poti mukuopa kuti asiya kubwera, apatseni china choti ajambule mutakhala pampando. Auzeni mmene munakumanirana ndi agogo awo aakazi, ntchito yanu yoyamba, tsiku lomwe bambo awo kapena mayi awo anabadwa, bodza lomwe munanamiza makolo anu muli mnyamata nkugwidwa. Ana amenewa amaoneka ngati samva koma nkhani zoti bambo awo ankalira poopa nkhuku amazikonda koopsa. Ndipo inu adzukulu, ndikudziwa ena mwa inu mukuwerenga ndipo mwazindikira chipewacho, mawa mupite kwa agogo foni ili m'thumba, mukawasisite mawondo.