Kwa dzanja logwira simenti, sankhani onyx

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati mukufuna kugulira abambo akunyumba chibangili cha mikanda yakuda pa tsiku lawo lobadwa, koma wogulitsa wakutchulirani onyx, obsidian, hematite ndi lava mpaka mutu wazungulira. Mwanenanso kuti abambowo amamanga nyumba ku Chalala, kuno ku Lusaka. Pamenepo ndiye pali yankho, chifukwa mwala uyenera kugwirizana ndi ntchito ya dzanja lomwe lidzauvale. Ine ndimatunga mikanda, ndipo kwa munthu wokhalira kunyamula mabuloko ndi kuponda matope a simenti, ndinganene onyx mosakayika.

Kulimba kwa miyala amakuyeza pa sikelo ya Mohs, yoyambira 1 kulekezera 10, pomwe pali daimondi. Mchenga womangira uja wambiri ndi quartz, ndipo uli pa 7. Mwala uliwonse wofewa kuposa pamenepo, mchenga umaukanda pang'onopang'ono mpaka kuwala kwake kuzilala. Onyx ndi wa mtundu wa quartz womwewo, ali pakati pa 6.5 ndi 7, choncho amapirira. Obsidian ali pa 5 kapena 5.5 basi. Ndi galasi lachilengedwe, chiphalaphala cha phiri lophulika chomwe chinazizira msanga, ndipo amasweka ngati galasi. Mlongo wanga amakonza magalimoto, ndipo ndinamutungira chibangili cha obsidian chifukwa chinali chokongola kwambiri. Sipanathe mwezi, mkanda umodzi unagunda chitsulo n'kubenthuka, mbali yobenthukayo yakuthwa ngati botolo losweka, ndipo anabwera ndi kabala pamkono. Anthu akale ankasema mipeni ndi mivi kuchokera ku mwala umenewu, ndiye kuthwako si kwamasewera. Kwa munthu wa mu ofesi ulibe vuto, koma osati kwa abambo anuwo.

Pa onyx pali chinthu chimodzi chomwe ogulitsa ambiri sanena, ndipo ine ndimafuna wogula achidziwe. Pafupifupi onyx yense wakuda bii amene mumamuona pamsika ndi agate wotuwa, mwala wina wa mtundu wa quartz, yemwe anachita kumudetsa. Amamuviika m'madzi a shuga kwa masiku ambiri, kenako mu asidi wa sulphuric, ndipo shuga wolowa m'timabowo ta mwalawo amasanduka makala. Amisiri a ku Idar-Oberstein ku Germany anatchuka ndi luso limeneli m'zaka za m'ma 1800. Ukadali mwala weniweni, ndipo kudako kuli mkati, sikuchoka ndi sopo. Chomwe ndikukana n'chakuti wina akukwezereni mtengo ponena kuti ndi mwala wosowa wochokera kutali. Onyx ndi wa mtengo wofikirika.

Chinyengo chenicheni ndi galasi wamba kapena pulasitiki zomwe amazitcha onyx. Mukafika, ikani mkandawo patsaya. Mwala umazizira ndipo umachedwa kufunda, pomwe pulasitiki amafunda nthawi yomweyo komanso ndi wopepuka m'manja. Kenako yang'anitsitsani padzuwa, makamaka pabowo podutsa ulusi. Mukaona kamzere kozungulira mkanda ngati msoko, kapena tithovu tating'ono mkati, chimenecho anachita kuumba m'chikombole. Ine ndimayendanso ndi kathonje konyowetsa ndi mankhwala ochotsera polishi wa zikhadabo. Ndikapukuta mkanda umodzi thonje n'kuda, ndimadziwa kuti anangopaka utoto pamwamba, ndimabweza.

Hematite amakopa amuna ambiri chifukwa amawala ngati chitsulo ndipo amalemera, dzanja limamva kuti lavala kanthu. Koma si wakuda kwenikweni, ndi wotuwa monyezimira, ndipo akagwa pasimenti amatha kugawika pakati. Apa ndinapsapo ndekha. Ndinagula mikanda yambiri kwa wogulitsa wina m'tauni, yemwe anandionetsa mmene imamatirirana ngati maginito n'kunena kuti umenewo ndiwo umboni woti ndi yeniyeni. Zinali zosemphana. Hematite weniweni sakakamira choncho, yomatiriranayo ndi yopanga kufakitale. Weniweni mukamukhutiza kumbuyo kwa thailosi, kosapaka kuja, amasiya mzere wofiirira ngati dzimbiri, n'chifukwa chake dzina lake linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza magazi. Zinandipweteka chifukwa ndinali nditagulitsako kale kwa anthu ondikhulupirira, ndipo ndinachita kuwatsatira mmodzimmodzi kukawauza zoona.

Lava, mwala wamabowobowo wochokera ku chiphalaphala cha phiri lophulika, musiyeni. Ndi wopepuka komanso wotchipa, koma timabowo take timamwa thukuta, mafuta odzola ndi fumbi la simenti. Ndi kutentha kwa mu Okutobala kuno ku Lusaka, sachedwa kutuwa ndi kuyamba kafungo.

Mwina mtima ungafune mwala wakwathu. Dziko lathu la Zambia limadziwika ndi emerald wa ku Lufwanyama ndi amethyst wa ku Mapatizya, ndipo kwathu kummawa, cha ku Lundazi, kumapezeka tourmaline ndi aquamarine. Tourmaline wakuda ndi wolimba, 7 mpaka 7.5, koma nthawi zambiri amakhala ndi ming'alu mkati, ndiye mkanda uliwonse muuyang'ane pawokha. Funsaninso komwe anaudula, poti mikanda yambiri yobowola kale imachokera kunja ngakhale wogulitsa anene kuti ndi ya pompano. Ngati thumba likulola, spinel wakuda ali pa 8 ndipo amawala bwino zedi, koma kawirikawiri amabwera timikanda tating'ono tomwe pamkono waukulu sitioneka. Ena adzakuuzani kuti mwala wakuti umathamangitsa tsoka kapena umatsitsa BP. Chonde musalipire ndalama yowonjezera pa mawu amenewo, ndipo wodwala asasiye mankhwala chifukwa cha chibangili.

Zibangili zambiri zomwe anthu amandibweretsera kuti ndikonze, mwala umakhala ulibe vuto, chaduka ndi lasitiki. Pemphani ya 1 mm, kapena ya 0.8 mm yopinda kawiri, mfundo yake ibisike mkati mwa mkanda. Kokani pang'ono muone ngati pakati pa mikanda pakutsala mipata ikabwerera. Abambowo muwauze kuti povala azichigubuduza padzanja m'malo mochitamula, ndipo posakaniza simenti azichivula n'kuika m'thumba, chifukwa simenti yaiwisi ikatsalira pansi pa mikanda imawotcha khungu. Kutsuka kwake ndi madzi ofunda, sopo pang'ono ndi kansalu kofewa.

Pa kukula, dzanja la mmisiri limakhala bwino ndi mikanda ya 10 mm, ya 8 mm ngati ali ochepa thupi. Ine ndimakonda yosawala ija, ya matte, chifukwa sionetsa msanga mikwingwirima, ngakhale m'kupita kwa nthawi imayamba kusalala ndi mafuta a pakhungu. Yambani mwazungulira ku Kabwata Cultural Village kapena pamsika wa Lamlungu wa ku Arcades, masana dzuwa likuwala, kathonje kaja kali m'chikwama.

Popeza ndi mphatso yobisa, tengani kaulusi muyeze lamba wa wotchi yawo pabowo lomwe amamangira, kenako muwonjezere sentimita imodzi ndi theka. Mukapeza muyezowo mundilembere pompano, ndikuwerengerani kuti pafunika mikanda ingati.