Boiler yangozima ndi chisanu chino? Yambani mwaona paipi yoyera ija panja

Asisi pepani kwambiri, ndawerenga uthenga wanu mu gulu muno woti boiler yanu, makina otenthetsera nyumba ndi madzi aja, yazima, mpaka mtima wanga wachita kuwawa. Mwati ikumveka kukhuluchuka ngati muli madzi m'kati kenako n'kuzima, ndipo yayamba usiku umene kunja kunaundana? Musanalipire munthu ngakhale paundi imodzi, valani jekete mutuluke panja mukaone paipi yoyera ya pulasitiki yochokera kukhoma kumene kuli boiler. Ine zimenezi zinandiliza mu December 2022, nthawi imene kunazizira moopsa ija, ndili ku Leicester, ku England.

Ndinabwera m'mawa kuchokera ku night shift, miyendo ili zii. Kutsegula chitseko, m'nyumba kuzizira kuposa panja. Mwana wanga ndinamupeza pa sofa atavala yunifolomu yakusukulu, jekete pamwamba, bulangete pamwamba pakenso, akupuma nthunzi ikuoneka. Mchemwali wanga amene amagona naye anali atayesa kudina reset kangapo, boiler ikuyamba kulira pang'ono, kukhuluchuka, n'kuzimanso. Mawindo akuchipinda anali ataundana cham'kati, mwana akukanda ndi chala kujambula. Thaulo limene tinayanika kubafa linauma gwa. Ndinawiritsa madzi m'ketulo, kuthira m'ndowa, kumusambitsa ataima m'bafa, mano akugundana, akundifunsa kuti amayi kodi talephera kulipira? Mawu amenewo mpaka lero amandibaya. Lendi inali yolipira, tsiku lake silinaphonyepo.

Agent woyang'anira nyumbayo m'malo mwa alandilodi? Foni kumangolira. Imelo kuyankha yokha kuti talandira uthenga wanu. Alandilodi akuti ali kutchuthi kunja, tikambirana akabwera, panopa gulani hita. Ndinagula ka hita kamphepo ka 2 kW kaja, ndipo inu a mita yolipiriratu mukudziwa mmene kamadyera ndalama, mumachita kuona manambala akutsika mukuyang'ana. Tinalowa mu emergency credit, kangongole kamene mita imakupatsani ndalama zikatha, usiku wake womwewo. Tonse tinasamukira chipinda chimodzi, matiresi pansi, thaulo kutsekera kunsi kwa chitseko.

Ndiye pamapeto pake anatitumizira "munthu wawo". Bambo ameneyo, Mulungu amukhululukire chifukwa ine zikundivutabe. Anabwera ndi kachikwama kamodzi, osaonetsa khadi lililonse, kutsegula chivundikiro cha boiler, kugogodagogoda ndi sikuludiraiva, kupukusa mutu, n'kunena kuti bolodi yamagetsi ya m'kati yapsa, mwinanso boiler yonse yatha, tidikire chaka chatsopano. Panja sanatuluke ngakhale pang'ono. Pochoka anafuna ndalama yobwerera, kesh, akuti alandilodi adzakubwezerani. Inali pafupifupi malipiro a shifiti yanga yonse ya usiku. Ndinapereka, nanga mwana akunjenjemera ndikanatani? Lisiti palibe. Ndalamayo mpaka ndinasamuka m'nyumbamo sindinaionenso. Anthu amenewa akamva mmene tikulankhulira Chizungu amangoti awa sadziwa malamulo, sangapite kulikonse, akuopa visa. Zimandinyansa.

Amene anatipulumutsa ndi agogo ena aamuna oyandikana nafe, anandiona ndikutaya zinyalala maso ali ofiira. Anandizungulitsa kuseri, n'kundilozera paipi ija. Kumapeto kwake, pamene imalowa mu dreni, panali chibuma cha ayezi. Nkhani yake ndi iyi: ma boiler amene akhala akuikidwa kuyambira 2005 ndi a condensing, akamayaka amatulutsa timadzi, timadzito timatuluka ndi paipi yapulasitikiyo. Ikaundana, madzi amabwerera m'kati, boiler imadzizimitsa yokha podziteteza. Kukhuluchuka mukumvako ndi kumeneko. Pa boiler ya mtundu wa Vaillant nthawi zambiri imalemba code ya F28 kapena F29 pa sikirini, pa ya Worcester imalemba EA. Tinatenga madzi ofunda m'jagi, osati owira chifukwa angathe kuswa paipi, kuthira pang'onopang'ono pokhota ndi kumapeto, mpaka tinamva ayezi akugwa m'kati. Kulowa, kudina reset, moto buu. Boiler imene inati "yatha" ija. Ndinakhala pansi m'khitchini n'kulira, osati chifukwa chosangalala ayi, ukali.

Mukamathira samalani, madzi ogwera pansi amaundana pompo, mungaterereke. Ngati paipiyo ili m'mwamba musakwere makwerero pa ayezi, chonde.

Ngati paipi ili bwinobwino, onani kawotchi ka pressure kutsogolo kwa boiler. Ikakhala yozizira muvi uzikhala pakati pa 1 ndi 1.5 bar. Ukatsika kufika cha ku 0.5 ma boiler ambiri amakana kuyaka, Vaillant imalemba F22, Ideal imalemba F1. Pansi pake pamakhala kapaipi kasiliva kokhala ndi timipopi, mumatsegula pang'ono mpaka muvi ukwere, n'kutsekanso mwamphamvu. Koma ikamatsikatsika sabata iliyonse ndiye kuti penapake pakudontha kapena expansion vessel, kathanki kosunga pressure kaja, yafooka, kuwonjezera madzi sikuthetsa. Radiator yotentha pansi koma yozizira pamwamba ndi mpweya chabe, kakiyi kake n'kotchipa, mumapotokola mpaka mpweya uthe madzi ayambe kutuluka. Onaninso mita ya gasi ngati ili ndi ndalama, standing charge, ndalama imene amadula tsiku lililonse, imadya ngakhale simukuyatsa.

Komabe ine ndinganene kuti musamagwiregwire boiler ya eni ake, si ntchito yanu. Ku England lamulo la Landlord and Tenant Act 1985, gawo 11, limati zotenthetsera nyumba ndi madzi otentha akonze ndi landilodi. Chaka chilichonse ayenera kubweretsa munthu wa Gas Safe, kutanthauza wovomerezeka mwalamulo kugwira ntchito za gasi, kudzayeza, n'kukupatsani pepala lake pasanathe masiku 28. Aliyense wofuna kutsegula chivundikiro, muuzeni aonetse khadi la Gas Safe, muone nambala yake pa intaneti ali pomwepo. Alibe? Chitseko icho. Ndipo musatulutse ndalama m'thumba mwanu, ngakhale akulonjezeni bwanji. Lembani zonse pa imelo kapena WhatsApp, tsiku ndi nthawi, jambulani code ili pa boiler, nenani kuti m'nyumba muli mwana. Akapitiriza kukuzembani imbirani khonsolo, mufunse a environmental health, oona ngati nyumba ili yoyenera kukhalamo, amenewo alandilodi amawaopa. Kudandaula za boiler sikukhudzana ndi visa yanu.

Wina mu gulu muno ndaona walemba zoti muyatse makala a braai m'nyumba ngati mbaula. Ayi ndithu, achimwene, fufutani zimenezo. Nyumba za kuno n'zotsekeka ponseponse, utsi wa carbon monoxide sununkha, anthu amangogona osadzukanso. Uvuni wa gasi kuusiya chitsegulire n'chimodzimodzi. Kuyambira October 2022 landilodi ayenera kuika alamu ya carbon monoxide m'chipinda chimene muli boiler, onani ngati ilipo ndipo ikulira mukadina. Mukamva fungo la gasi tsegulani mawindo, musayatse kapena kuzimitsa switchi iliyonse, tulukani muimbe nambala ya ngozi za gasi, 0800 111 999.

Ikayaka, uzani agent atumize munthu adzakutire paipiyo ndi lagging, chofunda chake choteteza kuti isaundane, apo ayi chisanu chikabweranso muyambiranso. Tiuzeni code imene ikulemba ndi dzina la boiler, tikuthandizeni usiku usanafike.