Abe wathera m'chopukusira nyama: kodi gemu yakuberani?

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Luchenza, ndipo zikuoneka kuti anailemba atapsa mtima. Akuti:

"Ndakhala ndikusewera Oddworld: Abe's Oddysee pa laputopu yakale. Ndalimbana nayo mpaka kufika kumapeto, koma m'malo mondisangalatsa, yangomuponya Abe m'makina opukusira nyama basi n'kutha. Kodi yandibera? Komanso ndi gemu yanji imene munthu wako alibe mfuti, amangofa chisawawa? Nkhani yakenso ikundikumbutsa za thangata zimene agogo ankasimba. Kodi anaipanga ndi cholinga chimenecho?"

Achimwene, sinakubereni. Gemuyo imakuwerengerani zochita zanu kuyambira pomwe munayamba, kungoti inu maso anali pa khomo lotulukira.

Kwa amene simunaisewerepo: Abe's Oddysee inatuluka mu 1997 pa PlayStation ndi pa kompyuta. Inapangidwa ndi kampani ya ku America ya Oddworld Inhabitants, imene Lorne Lanning ndi Sherry McKenna anayambitsa mu 1994. Abe ndi wa mtundu wa Mudokon, kapolo wokolopa pansi mu fakitale yopukusa nyama ya RuptureFarms. Usiku wina akusuzumira msonkhano wa mabwana, a Glukkon, akumva kuti nyama zimene ankapha zatsala pang'ono kutha ndipo phindu likutsika. Bwana wamkulu Molluck ndiye akubwera ndi nzeru yatsopano: tiyambe kupukusa antchito omwewa n'kumagulitsa. Abe n'kuliyatsa liwiro. Inu mumayambira pamenepo, kudumpha maenje, kunyang'ama, kukoka zitsulo zotsegulira zitseko, chipinda chilichonse chili ndi mwambi wakewake woti muumasule.

Mu fakitalemo muli zikwangwani zoyaka zosonyeza manambala atatu: antchito amene alipo, amene afa, ndi amene athawa. Onse pamodzi ndi 99. Mukapulumutsa 50 kapena kuposa, pa mapeto Abe atapachikidwa pamwamba pa chopukusira, anzake amaimba nyimbo yawo, mphezi imakantha Molluck, Abe n'kupulumuka. Mukaperewera, anzakewo amakambirana ngati munthuyu ndi woyenera kumuthandiza, ndipo amakana. Zimene munaona zija ndi chigamulo chawo. Ndipotu chenjezo linalipo. Chakumayambiriro kuli chikwangwani chonena kuti mukathawa, antchito 28 a m'chigawo chimenecho aphedwa. Ambiri timachiwerenga ngati chokongoletsera khoma, n'kudutsa.

Inu munasewera ngati Kalulu wa m'nthano: wamng'ono, wopanda mphamvu, wopusitsa zilombo zazikulu ndi nzeru, koma wopulumutsa khungu lake lokha. Magemu ambiri a mtundu uwu amafunadi zimenezo, ndipo amakuyamikani mukatero. Oddworld imakulolani kutero popanda kukuletsani ngakhale kamodzi, kenako imakufunsani za anzanu pa mapeto. Zitseko zambiri zimatseguka ngakhale musanapulumutse aliyense. Ikanakhala kuti imakukakamizani, kupulumutsako kukanangokhala ntchito ina yoti muchite kuti mupite patsogolo. Koma popeza mutha kuwasiya, kubwerera kukawatenga kumakhala kufuna kwanu, ndipo apa ndi pamene ine ndimaona kuti nkhani yeniyeni ya gemuyi ili. Timafilimu ta pakatipakati timangothandizira.

Za mfuti ija. Tangoganizirani chipinda chimodzi. Kumanja kuli Mudokon wagwada akukolopa. Pambali pake pali Slig, mlonda wa miyendo yachitsulo uja, akuyendayenda ndi mfuti, nthawi zina n'kumumenya wokolopayo popanda chifukwa. Inu mwaima mumdima, pomwe mlonda sakuonani malinga musagwedezeke. Mukudikira atembenuke. Abe ali ndi milomo yosokedwa, koma chida chake chachikulu ndi pakamwa pomwepo. Mumadina batani, iye n'kunena "Hello", mnzakeyo n'kudzutsa mutu kuyankha. Mudinanso, "Follow me", uja n'kuvomera. Kuyambira apo muli ndi katundu. Mnzanuyo amakutsatirani mosaganiza, moti mukathamanga kudutsa pansi pa macheka otsika n'kukwera, iye alowa pomwepo n'kudulidwa. Muyenera kumuuza "Wait", mukazimitse machekawo, mubwerere, mumupatsenso moni. Mukafika pamene mbalame zikuzungulira mlengalenga, Abe amaimba, mbalamezo zimasanduka khomo, mnzanuyo n'kudumphiramo. Nambala pa chikwangwani ikwera ndi imodzi. Imodzi yokha, pambuyo pa thukuta lonselo, chifukwa mu gemu yoyambayi mumatsogolera munthu mmodzi pa nthawi.

Opanga gemuyi anatcha njira yolankhulirayi GameSpeak. Kuperekeza munthu wofooka ndi chinthu chimene osewera ambiri amadana nacho m'magemu ena, chifukwa kawirikawiri chimangokhala chopinga chimene achiika pakati pa nkhondo ziwiri. Kuno ndiye phata la zonse. Abe akanakhala ndi mfuti, mukanayeretsa chipinda chonse kaye, kenako n'kuitana anzanu mwamtendere, mantha onse n'kutha.

Komabe si zoona kuti mfuti simuigwira. Nyimbo yomweyo ya Abe imatha kumulowetsa m'thupi la Slig. Kwa kanthawi mumayenda ndi miyendo yachitsulo, kuwombera alonda anzake, kutsegula zitseko zimene zimamva mawu a Slig okha. Mukamaliza naye amaphulika. Mphamvuyo ndi yobwereka, ndipo nthawi yonseyo thupi la Abe limakhala chiimire poyera. M'zipinda zina anapachikamo timakina touluka timene timamuthira magetsi Abe akangoyamba kuimba, ndiye mwambi umakhala wakuti kaye muchotse kamakinako ndi bomba, kapena mupeze ngodya ina yoimbira. Ndipo chenjerani, chipolopolo cha Slig wanuyo sichisankha. Mukawombera mosasamala, wokolopa uja afa, nambala ya akufa ikwera, ndipo gemuyo siiwala.

Kufa pafupipafupi kuja ndi mwambo wa banja lonse la magemu amenewa. Prince of Persia ya 1989, Another World ya 1991 ndi Flashback ya 1992 zinali choncho: munthu woyenda molemera ngati munthu weniweni, wodumpha mtunda wodziwika, wotha kufa ndi kulakwitsa kumodzi. Limbo ya kampani ya ku Denmark ya Playdead inapitiriza zomwezo mu 2010. Imfa m'magemu amenewa ndi mphunzitsi. Bomba la pansi lothwanima lija limakuphani kawiri katatu mpaka mutazindikira kuti kuthwanimako kuli ndi kayendedwe kake, ndipo mumalikhudza pokhapokha layaka mtundu wobiriwira. Miyoyo ya Abe siitha, ndiye palibe chimene mumataya kupatula nthawi. Pokhapo ndikugwirizana nanu kuti gemu ya 1997 imanyanya: malo oyambiranso mukafa ali motalikirana, ndipo kwa ife amene magetsi amatha kuzima pakati pa chipinda chovuta, laputopu ya batire yakufa ikhoza kukuliritsani. Eni ake anamva madandaulo, moti mu Abe's Exoddus ya 1998 anaikamo Quiksave, yosunga pomwe mwafika nthawi ina iliyonse.

Chinanso chimene sindingaikire kumbuyo ndi kabisidwe. Ena mwa anthu 99 aja anawabisa m'zipinda zachinsinsi, ndipo chimodzi chili pa sikirini yoyamba penipeni, kuseri kwa mbiya, pamene munthu sunadziwe n'komwe mabatani. Kumeneko ndi kutchera dala kuti musewerenso. Mwayi wake ndi wakuti kuti mupeze mapeto abwino sipafunika onse.

Pakati pa gemuyi nkhani imalowa m'njira yodziwika kale. Abe akugwa kuchokera pa phompho, sing'anga wa chigoba Big Face akumudzutsa n'kumuuza kuti ndiye wosankhidwa. Akudutsa mayeso awiri ku akachisi a Paramonia ndi Scrabania, akulandira zipsera m'manja, n'kupeza mphamvu ya Shrykull, mulungu wa a Mudokon. Kwa ine apa m'pofooka. Chimene chinandikoka kwa Abe n'chakuti anali wokolopa wamba, wogwira ntchito mokhulupirika, amenenso ankakonda kudya zimene fakitale yake inkapanga osafunsa zachokera kuti. Kumupatsa ulosi kukumuchotsa pakati pa anzake. Chabwino n'chakuti kaseweredwe kamatsutsa ulosiwo: wosankhidwayo amafabe ndi chipolopolo chimodzi, ndipo pa mapeto moyo wake uli m'manja mwa anthu wamba omwe aja. Nthabwala nazonso zimamubweza pansi. Pali batani loti Abe aphwise, ndipo kunkhalango mawu achinsinsi olowera malo ena ndi malikhweru otsekera ndi kuphwisako. Ana a kunyumba kwathu amangofuna batani limeneli basi.

Ngati mukufuna kuona lingaliro limeneli litakhwima, Exoddus ndiye yake. Muli a Mudokon 300, ndipo mutha kuitana gulu lonse nthawi imodzi. Koma tsopano ali ndi mitima. Wokwiya samvera mpaka mutamupepesa. Wokhumudwa chifukwa waona mnzake akufa akhoza kudzivulaza mukapanda kumutonthoza. Amene wapuma mpweya woseketsa amathamangathamanga mpaka mutamuwomba mbama. Ena ndi osaona, anawasoka maso kuti azikumba mafupa kumanda a Necrum osadziwa kuti ndi a makolo awo, ndipo amatsata mawu anu okha, ndiye mukachedwa kunena kuti aime agwera m'dzenje. Mafupawo ndi amene amaphikira chakumwa cha SoulStorm Brew, chimene amayamba kuchigawa chaulere mpaka antchito atazolowera osathanso kuchisiya. Apa chipinda chilichonse chimafuna muyambe mwadziwa kuti mukulankhula ndi munthu wotani.

Magemu otsatira a Oddworld anapatuka. Munch's Oddysee ya 2001 pa Xbox inalowa mu 3D, Stranger's Wrath ya 2005 ndi ya kuwomberana ndipo Abe mulibe. Soulstorm ya 2021 inasimbanso nkhani ya Exoddus, koma inadzaza ndi kusecha m'makabati ndi kupanga zida, ndipo otsatira anu amatha kumenya nkhondo. Ndi yokongola m'maso, kungoti Abe wa chikwama chodzaza zida sandichititsanso mantha amene ndinkawafuna.

Za thangata, ayi, sanaipange poganizira Thyolo kapena Mulanje. Chimene ankaloza ndi dyera la makampani akuluakulu, kuwononga chilengedwe, ndi malonda amene amakuta zonyansa ndi chikwangwani chomwetulira. Koma sindikudabwa kuti inu mwamva kununkhira kwa kwathu. M'nthawi ya atsamunda, anthu okhala m'maesiteti a kuno, ambiri a iwo Alhomwe ochokera ku Mozambique, ankagwira ntchito kwa mwini malo m'malo mwa lendi, ndipo wowayang'anira tsiku ndi tsiku sanali mzungu koma kapitawo. Oddworld imadziwa bwino makwerero amenewo. A Glukkon sagwira mfuti, ndipo m'masuti awo manja saoneka n'komwe. Womenya ndi Slig, amenenso ndi wantchito chabe, woti miyendo imene akuyendera anachita kupatsidwa ndi bwana. Kusiyana kwake n'kwakuti mu gemu mbalame zimatsegula khomo munthu n'kupita, pamene agogo anu akathawa esiteti ina ankapeza msonkho wa nyumba ukuwadikira kwina.

Ndiye yambiraninso, achimwene, ulendo uno pang'onopang'ono. Musatuluke mu RuptureFarms koyambako musanayang'ane chikwangwani, ndipo paliponse pamene pali mbiya kapena mdima kutsogolo kwa sikirini, yesani kutsika kapena kugubuduka. Ngati laputopuyo ikukutopetsani, New 'n' Tasty ya 2014 ndi gemu yomweyi yomangidwanso mwatsopano, ili ndi kusunga kwa nthawi iliyonse ndipo inatulukanso pa Android. Dziwani chabe kuti kumeneko oti muwapulumutse ndi 299.