Difu ya 240Z yanu ya 1UZ: ikani R200, koma musaiwale zoigwira

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ndi Datsun 240Z ya 1972 kuno ku Johannesburg, mwazula injini yake n'kuikamo injini ya V8 ya 1UZ ya Lexus ndi giyabokosi ya W58 ya magiya asanu, matayala ndi 225/50R16, ndipo mukufuna kudziwa ngati musiye difu (bokosi la magiya la kumbuyo logawa mphamvu ku mawilo awiri) yomwe ilimo, musake difu yokulirapo ya Nissan yotchedwa R200, kapena mungogula ya Ford 8.8 monga ena akulangizirani. Mwatinso galimotoyo ndi yoyendera Loweruka ndi Lamlungu, ku track ndi mwa apo ndi apo. Ine ndikuti R200 ya mphuno (mbali ya kutsogolo) yaitali, ya ratio ya 3.54 kapena 3.7, yokhala ndi LSD (chida choletsa tayala limodzi kupota lokha), ndipo ndalama yotsalayo ipite pa zomangira difuyo ndi mashafti opita ku mawilo. Ndifotokoze chifukwa chake, popeza galimoto imeneyi ndi yosowa ndipo sindikufuna muiwononge ndi chitsulo chimene simukuchifuna.

Difu yomwe ili pansi pa galimoto yanuyo ndi R180. Nambalayo ikunena kukula kwa giya yaikulu ya m'kati, mamilimita 180, ndipo R200 ndi mamilimita 200. R180 yanuyo inabwera ndi injini ya L24, ya malita 2.4, imene mphamvu yake yopotokola imangofika cha pa 198 Nm. 1UZ yoyambirira, ya mu LS400 ya 1989, imatulutsa 353 Nm. Koma difu simva mphamvu ya injini yokhayokha, imamva ya injini itachulukitsidwa ndi giya. Giya wani ya W58 ndi 3.285, ndiye mukaponda mafuta mpaka pansi pa giya wani, mphamvu yolowa pa mphuno ya difu ndi pafupifupi 1,160 Nm. Kale inkalandira cha pa 700. Kusiyana kwake ndi kumeneko.

Sindikunena kuti R180 ithyoka tsiku loyamba. 240Z ndi galimoto yopepuka, makilogalamu 1,050 kapena kuposera pang'ono, ndiye nthawi zambiri tayala limayamba kuterereka difu isanafike popweteka. Ndipo si galimoto yofooka ayi, inapambana East African Safari Rally mu 1971 ndi mu 1973 pa misewu ya fumbi ndi matope. Vuto la R180 yosatsekera, ndiye kuti yopanda LSD, lili pa timagiya ting'onoting'ono ta pakati ndi kamtanda kamene timazungulirapo. Tayala limodzi likamapota lokha pa ngodya, timagiya timeneti timathamanga mopenga, oyilo sakwanira, kenako tayala lija likangogwira phula mwadzidzidzi mano amasweka. Ndinatsegulapo ina yotere. Pa chitsekero chokhetsera oyilo, chomwe chili ndi maginito, panali nyenyeswa zonga utuchi wa siliva ndi dzino limodzi lathunthu lalikulu ngati njere ya chimanga. Mwini wake ankati anangomva kuti gu! pochoka pa maloboti, basi.

Musanasankhe kukula kwa difu, sankhani ratio, nambala yonena kuti kutsogolo kwa difu kumazungulira kangati mawilo akazungulira kamodzi, chifukwa ndi imene mudzakhale nayo tsiku lililonse mukamayendetsa. Apa ambiri amalakwitsa pongotengera za anzawo omwe ali ndi giyabokosi ina. Tiyeni tiwerengere ndi zanu zomwe. Tayala la 225/50R16 likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 1.98, ndiye pa 120 km pa ola pa N1 likuzungulira ka 1,008 pa mphindi. Giya faifi ya W58 ndi 0.783. Mukaika difu ya 3.36 injini izikhala cha pa 2,650 rpm, ya 3.54 ikupatsani 2,800, ya 3.7 ifika 2,920, ya 3.9 ndi 3,080, pomwe ya 4.11 ikukwezani mpaka 3,240. V8 ya malita 4 mu galimoto yopepuka chonchi siifuna kukuwa pa 3,200 ulendo wonse wopita ku Durban, mudzatopa ndi phokoso ndipo mafuta adzatha ngati thanki yabowoka. Choipa china cha 4.11 n'choti giya wani imasanduka yopanda ntchito, mukangosiya kilatchi matayala akufuka kale ndipo mwasinthiratu ku giya thuu musanadutse mphambano. Ma ratio a 3.9 ndi 4.11 ndi abwino kwa amene aika injini yaing'ono yofuna kuzungulira kwambiri. Inu muli ndi mphamvu yochokera pansi, ndiye 3.54 ndiye malo anu. Ya 3.7 itengeni ngati ikubwera ndi LSD kale, kusiyana kwa 120 rpm simudzakumva n'komwe.

Ndionjezerepo kuti ngati tsiku lina mudzasinthe giyabokosi n'kuika CD009 ya mu 350Z, imene giya wani yake ndi 3.794, mudzathokoza kuti munasankha 3.54.

Tsopano R200 yo ili mitundu iwiri, ndipo ogulitsa zotsalira za galimoto ambiri sakusiyanitsirani. Ya mphuno yaitali inkabwera mu 280Z ya manyuwo, mu 280ZX zina, ndi mu 300ZX ya Z31. Imeneyi ndi imene imakhala bwino mu 240Z popanda kudula kalikonse, chifukwa 280Z ndi thupi lomwelo. Mufunika chitsulo chopingasa cha kumbuyo chija amati mustache bar, chikhale cha R200, popeza mabowo a cha R180 sagwirizana, komanso muone ngati chivindikiro cha kumbuyo sichikukhudza chitsulo cholumikiza kumene mikono ya mawilo imagwira. Ya mphuno yaifupi ndi ya mu 200SX ya S13 ndi S14, komanso 300ZX ya Z32 yopanda tebo. Kuno ndi imene imapezeka msanga chifukwa ma 200SX anagulitsidwa ndithu, ndipo mtengo wake umakopa. Koma ilibe pomangira pamene 240Z ili napo, ndiye mudzafunika kupangitsa kapena kuitanitsa chibelekero chake chonse, propshaft (shafti yochokera ku giyabokosi kupita ku difu) yotalikirapo, ndi mashafti ena. Mukaphatikiza zonsezo mupeza kuti yotchipa ija yadula kuposa inzake. Ya mu Z32 yopanda tebo ndi 4.08, pafupifupi 4.11 ija tanena kale kuti si yanu.

Yomwe aliyense amaisaka ndi ya mu Z31 Turbo ya 1987 mpaka 1989, ya 3.7 yokhala ndi LSD ya mbale za kilatchi. Mukaipeza yabwino, gwirani. Koma ndi zosowa ndipo zambiri mbale zake zinatha kalekale. Njira yosavuta ndi kugula R200 yaitali wamba ya 3.54 n'kuikamo LSD yatsopano m'kati. Apa pali kamsampha: ma R200 akale amamanga giya yaikulu ndi mabawuti a mamilimita 10, apambuyo pake ndi a 12. LSD zambiri zogulitsidwa lero zili ndi mabowo a 12, ndiye pa giya yakale pamafunika timapaipi tothinitsa mabawutiwo. Musalole makaniko angomanga bawuti ya 10 mu bowo la 12 n'kunena kuti yagwira.

Mtundu wa LSD, pa galimoto ya mumsewu ngati yanu, ndingasankhe ya magiya opotoka monga ya Quaife. Siilira, siifuna oyilo wapadera, ndipo mulibe mbale zakutha. Chofooka chake n'choti tayala limodzi likanyamuka m'mwamba kwathunthu imakhala ngati yosatsekera, koma inu simukupita kokalumpha miyala. Ya mbale imagwira mwamphamvu kwambiri ku track, koma imafuna oyilo wa GL-5 wokhala ndi mankhwala a LSD, apo ayi izingogogoda pokhota pang'onopang'ono. Ya viscous ya zaka makumi atatu musaiwerengere, madzi ake a m'kati amakhala atafooka. Ndipo chonde, achimwene, wina asakunyengeni kuti mungowotcherera timagiya ta pakati tija. Ndikudziwa anyamata opotetsa galimoto amatero, ndipo pa masewero awo zimathandiza. Pa msewu mvula itagwa, galimoto yaifupi ndi yopepuka yowotcherera difu imakana kukhota kenako n'kutembenuka mwadzidzidzi, ndipo pokhota paliponse mashafti amakhala akupotokoledwa mpaka limodzi lidzaduke.

Pamene ndikufuna mumvetsere kwambiri ndi apa, chifukwa pa 240Z chimene chimayamba kugonja nthawi zambiri si difu. Mukaponda mafuta, mphuno ya difu imafuna kudzuka m'mwamba. Datsun anaika labala pansi pa mphunoyo ndi lamba pamwamba pake. Ndiye kuti labala lija limakokedwa m'malo mopanikizidwa, ndipo labala lomatidwa ku chitsulo silipirira kukokedwa. Lamba wa zaka zoposa 50 naye anatamuka kale. Ndi L24 mumangomva kugogoda posintha giya, koma ndi V8 labala limang'ambika, mphuno imamenya thupi la galimoto, ndipo propshaft imagwira ntchito itapindika. Ine zinandichitikira pa galimoto ya kasitomala nditangomaliza kuika R200 yabwinobwino. Ndinasiya chomangira chakale poti chinkaoneka chamoyo, ndipo pasanathe mwezi galimoto inabwerera ikugunda pansi pa mpando ngati munthu akumenya chitseko ndi hamala. Nditalowa pansi ndi tochi ndinapeza labala litasiyana pakati ngati buledi wodula, ndipo pamwamba pa mphuno penti atayalukapo mpaka chitsulo kuwala. Mankhwala ake ndi chitsulo chopingasa pamwamba pa mphuno, chomangidwa pa mabowo a lamba uja, chokhala ndi labala kapena polyurethane yopanikiza mphunoyo pansi. Musaike chomangira cha chitsulo chokhachokha kutsogolo pomwe kumbuyo kudakali malabala ofewa, chifukwa kugwedera konse kumathera pa chitsulo chopingasa cha kutsogolocho mpaka chimachita ming'alu.

Kenako mashafti. A 240Z ali ndi timitanda kumapeto onse awiri, ndipo timitanda sitikonda mphamvu yambiri titapindika. R200 ndi yotakata kuposa R180, makamaka mbali ya kumanzere, ndiye shafti ya mbali imeneyo imatsala ndi mpata wochepa wofupikira. Galimoto ikakhala yotsitsidwa n'kunjanja kumbuyo ponyamuka, shaftiyo imafika pamapeto n'kuyamba kukankha difu ndi beringi ya wilo. Muyese musanayende: chotsani sipuling'i, kwezani wilo ndi jeki kuchokera pansi mpaka pamwamba, muone ngati shafti ikutsalabe ndi posewerera. Ambiri amasinthira ku mashafti a CV, opanda timitanda, a mu 280ZX Turbo kapena Z31 Turbo ndi ma adapter ake, ndipo nawonso muwayeze utali chimodzimodzi. Pamapeto penipeni pali ka ekiselo kakafupi kolowa mu habu. Ka 240Z kali ndi mano 25, ka 280Z kali ndi 27 ndipo n'kokulirapo. Kameneka kakaduka, wilo ikhoza kuchoka galimoto ikuyenda. Ikani a 27, kapena atsopano a chitsulo cholimba ngati thumba likulola. Pa zinthu zonse zimene ndalemba, ichi ndi chimene sindingalole mwana wanga kuyenda nacho chisanakonzedwe.

R200 yaitali ikakusowani, pali R180 ya kumbuyo ya Subaru WRX STI, imene imabwera ndi LSD kale, ina ya 3.9 ina ya 3.54. Imakhala pamalo pomwe pali yanuyo, mumangosintha fulanji ya kutsogolo n'kugula timaekiselo ta m'mbali togwirizana ndi mashafti a Datsun. Ndi yolimba kuposa R180 yakale, ndi yopepuka kuposa R200, ndipo pa 1UZ yosaonjezera kanthu ndi matayala a 225 ikwanira. Ford 8.8, imene giya yake ndi pafupifupi mamilimita 224, ndi difu yabwino zedi, magiya ake amapezeka a ma ratio ambirimbiri. Koma kuti ilowe mu 240Z mumasintha kumbuyo konse, chibelekero, mashafti, kawirikawiri ndi mahabu omwe, ndipo zambiri mwa izo n'zoitanitsa ndi madola. Ngati mumtima mwanu muli kale pulani yoika matebo awiri ndi matayala a mpikisano, yambirani pomwepo kuti musagule kawiri. Koma W58 yanuyo ndi imene idzayambe kusweka R200 isanadandaule, ndiye pulani imeneyo ikufunanso giyabokosi ina.

Mukapita kukaona difu kwa wogulitsa, tengani sipanala ndipo mupemphe kutsegula chivindikiro cha kumbuyo. Pamphepete pa giya yaikulu pamakhala patadindidwa manambala a mano: 39:11 ndi 3.54, 37:10 ndi 3.7, 39:10 ndi 3.9, 37:9 ndi 4.11. Akakana kutsegula, gwirani mbali imodzi isazungulire, zungulizani inayo kawiri, muwerenge kuti fulanji ya kutsogolo yazungulira kangati, nambala imeneyo ndiye ratio ya difu yosatsekera. Mukazunguliza mbali imodzi inayo n'kumapita mobwerera, mwina mulibe LSD ya mbale ngakhale akulumbirireni. Gwedezaninso fulanji ya kutsogolo m'mwamba ndi pansi, isamasewere ngakhale pang'ono, ndipo mununkhize oyilo ngati sakumveka kupserera. Mukaipeza, jambulani manambala aja ndi mitu ya mabawuti a giya yaikulu muponye pano, tidzaone limodzi ngati ndi a 10 kapena a 12 musanaitanitse LSD.