Mashoo akale a nyimbo a pa TV: ena akukomabe, ena timangowapatsa ulemu

Achimwene, mwafunsa kuti mashoo akale a nyimbo a pa TV, aja ankakonzedwa mwapadera kamodzi kokha, akukomabe masiku ano kapena timangowatamanda poti ndi akale. Mupirire nane chifukwa ndilemba zambiri. Ndaona ena mu gulu muno ayankha kale kuti zakale zonse zinali bho, ena akuti n'zotopetsa mphindi zisanu zokha tulo, ine ndikuti onsewa akunena zoona koma theka theka. Vuto ndi loti ambirife sitinaonerepo shoo yonse. Timaonera kakanema ka mphindi zinayi pa YouTube kapena kotumiziridwa pa WhatsApp, kaja kokoma kwambiri kamene anthu anasankha kale, ndiye timaganiza kuti ola lonse linali choncho. Ayi ndithu. Mukakhala pansi n'kuonera kuyambira poyamba mpaka mayina akukwera kumapeto mupeza kuti mkatimo muli zinthu ziwiri. Pali pamene munthu akuchitadi chinthu pamaso pa kamera, ndiye pali zokutira zimene a TV ankawonjezera pofuna kuti bambo, mayi, agogo ndi ana onse asasinthe tchanelo. Choyambacho chikugwirabe mtima mpaka lero. Zokutirazo ndiye zinatha ntchito kalekale.

Tengani ya Elvis Presley ya 1968, imene aliyense amayamba kutchula pa nkhani ngati iyi. NBC inaionetsa pa 3 Disembala 1968, sponsa wake inali kampani ya makina osokera ya Singer. Nthawi imeneyo mkuluyu anali atakhala chiyambire 1961 osaimba pamaso pa anthu, ankangopanga mafilimu, achinyamata atatembenukira kale kwa The Beatles ndi anzawo. Manijala wake Colonel Tom Parker ankafuna shoo ya nyimbo za Khirisimasi basi, yofatsa, yosavuta. Dailekitala Steve Binder ndi amene anakoka chingwe kuti ayi, tiyeni anthu amuonenso Elvis weniweni. Ndiye gawo limene anthu amagawana mpaka lero ndi lija wakhala pampando pa kasiteji kakang'ono, wavala zachikopa zakuda, anthu amuzungulira pafupi kwambiri, ali ndi anzake akale Scotty Moore pa gitala ndi D.J. Fontana amene analibe ndi ng'oma zomwe, ankangomenya chikwama cha gitala. Thukuta kuyenderera, mawu a nyimbo kuiwala n'kuseka, kufuna kuimirira koma gitala ilibe lamba ndiye kuponda mwendo pampando n'kupitiriza choncho. Mukamaonera mumachita kuona kuti munthuyu ali ndi mantha komanso njala yofuna kuonetsa kuti sanathe. Zimenezo palibe chaka chingazifufute.

Koma shoo yomweyo ili ndi magawo ena aja a ovina ambirimbiri, kankhani ka mnyamata wa gitala wopita mu tauni, ndewu ya karate yochita kuyeserera, magetsi amitundumitundu. Achimwene, amenewo mukawaonera lero mungomwetulira. Sikuti ndi oipa, ovinawo ankadziwa ntchito yawo, koma mumadziwiratu kuti izi ndi za 1968 ndipo zinatsala komweko. Shoo imodzi, dailekitala mmodzi, theka lamoyo theka la mu miziyamu.

Tsono wina anena kuti ndiye kuti chinsinsi ndi kuimba pompopompo, osati kungoyendetsa milomo tepi ikulira kumbuyo. Nanenso ndimafuna ndikanatero koma Michael Jackson amaiphwanya mfundo imeneyi. Pa Motown 25, shoo yokondwerera zaka 25 za kampani ya nyimbo ya Motown, imene inajambulidwa ku Pasadena mu Malichi 1983 n'kuonetsedwa pa NBC pa 16 Meyi chaka chomwecho, nyimbo yake ya Billie Jean sanaiimbe ndi pakamwa pake pamenepo, inali tepi, mvetserani bwino mumva kuti ndi mawu omwe aja a pa chimbale. Komanso nyimboyo sinali ya Motown n'komwe, iye anali atapita kale ku kampani ina ya Epic. Ndipo kavinidwe koyenda chobwerera kaja, ka moonwalk, sanayambitse ndi iye, Jeffrey Daniel wa gulu la Shalamar anali atakaonetsa kale pa shoo ya BBC ya Top of the Pops mu 1982, ovina a mumsewu ankakadziwa kale. Koma onerani lero, tsitsi limaimabe. Bwanji? Chifukwa chimene chinali chenicheni pamenepo ndi thupi lake. Munthu mmodzi pa siteji yopanda kanthu, chipewa, golovesi imodzi, masokosi owala, kamera yamutenga thupi lonse ndipo siikudumphadumpha. Kukuwa kwa anthu aja atangoterera chambuyo si kojambuliratu. Ndiye mfundo yanga si yoti pakamwa paziimba basi, koma kuti pakhale china chake chimene chikanatha kulakwika pomwepo koma sichinalakwike.

Shoo imeneyinso ambiri amangoidziwira mphindi za Michael, pamene muli Marvin Gaye atakhala pa piyano akulankhula pang'onopang'ono za kumene nyimbo za anthu akuda zinachokera asanayambe kuimba, chaka chotsatira mu Epulo 1984 munthuyo kulibenso. Muli mpikisano wa The Temptations ndi Four Tops akulandizana nyimbo, wokoma zedi. Koma mulinso nthabwala zolembedweratu ndi malankhulidwe otamanda kampani amene mutha kuwadumpha osataya kalikonse.

Kumbali ya kuyendetsa milomo, tisanamizane, TV yakale inadzadza nazo. Top of the Pops ya BBC, imene inayamba 1964 n'kutha 2006, zaka zambiri oimba ankangoyeserera, mumaona gitala yamagetsi yopanda waya, woimba ng'oma akumenya mofatsa kuopa kusokoneza tepi. Kalelo anthu sankadandaula kwenikweni chifukwa kungomuona woimba amene umangomumva pa wailesi akuyenda, akumwetulira, zinali zokwanira. Ife lero nkhope zawo tili nazo m'thumba tsiku lililonse, ndiye chikatsala ndi munthu wotsegula pakamwa popanda mawu, chidwi chimathera pa zovala ndi kametedwe basi kkkk.

Nkhani ina imene ambiri saiganizira ndi ya chimene anajambulira. Zina ankajambula pa filimu, zina pa tepi ya vidiyo. Filimu imasunga zambiri, ndiye lero akaiyika pa makina atsopano chithunzi chimatuluka chowala ngati chadzulo, n'chifukwa chake zithunzi za The Beatles za mu Januwale 1969, zimene poyamba cholinga chinali shoo ya pa TV, dailekitala Peter Jackson anatha kuzikonza n'kuzitulutsa mu 2021 zikuoneka bwino chonchija, zinali pa filimu ya 16mm. Tepi ya vidiyo ndiye ili ndi malire ake, chithunzi cha mizere 525 ku America, 625 ku Ulaya, ndipo ku Britain poyamba inali 405 yokha. Zimene sizinalowe pa tepipo palibe angazibweze. Ndiye mukaona munthu wayika kanema wa 1970 n'kulemba kuti 4K, kutanthauza chithunzi chowala kwambiri cha masiku ano, dziwani kuti kompyuta yachita kupeka nkhope, n'chifukwa chake anthu amaoneka osalala ngati zidole, mano onse ofanana. Ine bola chithunzi chakale chomwecho ndi timadontho take. Enanso amakoka chithunzi cha 4:3, chija chosatambalala cha TV zakale, kuti chidzadze sikirini ya masiku ano, woimba wochepa thupi n'kusanduka wonenepa, kenako wina aziti zakale zinali zosaoneka bwino. Mawu nawonso ankawakonzera kasipika kamodzi ka pa TV, bezi yochepa, ndiye pezani kope limene eni ake anakonzanso kuchokera ku matepi oyambirira musanaweruze.

Musaiwalenso kuti zambiri zinafufutidwa. Tepi inali yodula, BBC ndi ma TV ena ankajambulanso pamwamba pa zakale mpaka cha m'ma 1970, palibe ankaganiza kuti wina adzazifuna. Top of the Pops zambiri za m'ma 1960 zinapita choncho, kuphatikizapo tsiku limene The Beatles anabwera okha mu situdiyo mu 1966. Ndiye tikamati zakale zinali zapamwamba tikuweruza ndi zochepa zimene zinapulumuka, ndipo pa zochepazo timaonera zimene anthu akhala akusefa kwa zaka 50. Zosakoma zinalipo zambirimbiri, kungoti palibe amazigawana.

Zina zinali zosokonekera ngakhale nthawi yomweyo. Magical Mystery Tour ya The Beatles anaijambula yamitundu, BBC1 n'kuionetsa yakuda ndi yoyera pa 26 Disembala 1967, mabanja atakhala pansi kudikira zosangalatsa za nyengo ya Khirisimasi, m'mawa mwake manyuzipepala anaikhadzula. Lero okonda gululi amaiteteza kuti anthu sanaimvetse, koma kunena mosapsatira nyimbo zake ndi zimene zimaipulumutsa, nkhani yake ilibe mutu. The Rolling Stones nawo anajambula yawo yotchedwa Rock and Roll Circus mu Disembala 1968, iwo kukwera pa siteji kunja kukucha atatopa kale, The Who ataimba mwamphamvu zedi, ndiye anaisunga osaitulutsa mpaka 1996. Chodabwitsa n'choti imeneyi ikukoma lero kuposa zambiri zimene zinaonetsedwa pa nthawi yake, mwina poti kutopako ndi chisokonezocho zikuoneka poyera. Kapena ija ya Bing Crosby ndi David Bowie ya 1977, kasewero koyambirira kochita ngati sakudziwana n'kochititsa manyazi pang'ono, koma akangoyamba kulumikiza mawu awo zonse mumaiwala, ndipo Crosby anamwalira mu Okutobala chaka chomwecho shooyo isanaonetsedwe.

Palinso zina zimene kukoma kwake kumafuna udziwe zimene zinkachitika kunja kwa situdiyo. Mu 1968 Petula Clark anagwira mkono wa Harry Belafonte akuimba limodzi pa shoo yake ya NBC, mzungu wamkazi kugwira mwamuna wakuda, nthumwi ya kampani ya magalimoto imene inkalipira shooyo inafuna kuti ajambulenso, Clark anakana ndipo zinaonetsedwa momwemo. Mwana wa lero akaonera sangaone chachilendo chilichonse, mpaka umuuze. Chimodzimodzi konsati ya Paul Simon ya ku Rufaro Stadium ku Harare mu 1987 imene inajambulidwa n'kuonetsedwa pa TV m'mayiko ambiri. Miriam Makeba ndi Hugh Masekela akuimba pafupi ndi kwawo ku South Africa koma sangaloledwe kulowa, Mandela akadali m'ndende, ndipo Simon mwini wake anthu akumudzudzula kuti anaphwanya chiletso choti oimba asamakagwire ntchito ku South Africa chifukwa cha tsankho, popita kukajambula ku Johannesburg. Imeneyo ngakhale osadziwa mbiri imakoma, gitala ya Ray Phiri ndi mawu a Ladysmith Black Mambazo sizifuna kufotokozera, koma ukadziwa, nkhope ya Makeba umaiona mwina.

Ndipo zilipo zimene siziyenera kukomanso. BBC inali ndi The Black and White Minstrel Show kuyambira 1958 mpaka 1978, azungu odzipaka zakuda kumaso akuimba ndi kuvina, mabanja mamiliyoni akuonera Loweruka madzulo, mpaka inapatsidwa mphoto ku Montreux mu 1961. Amene amati TV yakale inali yaulemu ndi yoyera ayambe aonera imeneyo.

Ndiye achimwene ngati mukufuna kudziyesa nokha, musayambire pa tizidutswa. Sankhani imodzi, muionere yonse pa sikirini yokulirapo, mahedifoni kumutu, foni ina kutali. Zakalezi zimayenda pang'onopang'ono, kamera imatha kukhala pa nkhope imodzi theka la mphindi osasuntha, poyamba zimakhala ngati zikuchedwa poti tinazolowera zodula sekondi iliyonse, koma pakapita kanthawi mumayamba kuona zala pa gitala, mpweya umene woimba akukoka asanakwere mawu, maso amene akupatsana ndi wa bezi. Yambani ndi ya Elvis ya 1968, kenako Motown 25, kenako ya ku Harare. Ya Elvis ina ija ya ku Honolulu ya pa 14 Januwale 1973, imene inaulutsidwa pa setilaiti, muisiye kumapeto. Ndikudziwa okonda Elvis mu gulu muno andikalipira, koma kwa ine imeneyo inatchuka chifukwa cha ukulu wake, chovala choyera cha chiwombankhanga, bandi yaikulu, oimba ambiri kumbuyo, zonse zili m'malo mwake ndipo mwini wake akudziwa kuti palibe chingalakwike. Mawu ali bwino ndithu, koma sindinamvepo kufuna kuibwereza ngati mmene ndimabwerezera ija ya pa kasiteji kakang'ono.