Khadi la RX 580 pa kompyuta ya mawati 290: ndigule?

FUNSO

Akulu, ine ndimajambula makanema a maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Balaka. Chaka chatha ndinagula kompyuta yogwiritsidwapo kale ntchito, Dell OptiPlex 9020 ija yaikulu yoimirira, ya purosesa ya i5-4590. Pa zina zonse ilibe vuto, koma ndikayamba kudula ndi kulumikiza makanema imachita kukwawa, moti ukwati umodzi umandigoneka m'bandakucha. Munthu wina pa Facebook akugulitsa graphics card (khadi lothandiza kompyuta pa zithunzi ndi makanema) ya RX 580 ya 8GB pamtengo wabwino, ndipo akuti andipatsiratu kachingwe kolumikizira magetsi. Pa power supply yanga, kabokosi kopereka magetsi m'kompyutamo, palembedwa 290W. Ndalama ndili nazo zochepa. Ndigule?

Wojambula, Balaka

YANKHO

Achimwene, ndalama zanuzo zisungeni kaye. Khadi limenelo ndi labwino ndithu, koma kompyuta yanu singalidyetse.

RX 580 inatuluka mu 2017 ndipo ikamagwira ntchito yolemera imadya mawati 185 payokha. Kampani ya AMD, eni ake a khadili, amati pafunika power supply ya mawati 500. Inu muli ndi 290, ndipo pamenepo purosesa yanu ikutengapo kale mpaka 84. Onjezani hard drive, mafani ndi motherboard (bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo), muona kuti zonse pamodzi zikupitirira zimene power supply yanuyo ingapereke. Kompyuta ikhoza kuyaka bwinobwino tsiku logula, wogulitsa n'kukuuzani kuti "mwaona, ikugwira". Idzazima kanema wa mkwatibwi ali pakati, nthawi imene khadi likukoka mphamvu zake zonse.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi kachingweko. Malo amene timazikapo khadi pa motherboard, a PCIe, amapereka mawati 75 basi. Khadi lofuna kuposa pamenepo limakhala ndi kabowo m'mphepete kolowetsa chingwe chochokera ku power supply: cha mapini 6 chimawonjezera mawati 75, cha mapini 8 chimawonjezera 150. Power supply ya OptiPlex 9020 ilibe chingwe chotere ngakhale chimodzi. Ndiye kachingwe akukulonjezani nkotenga magetsi pa pulagi ya SATA, ija ya hard drive, yomwe inapangidwira mawati ongopitirira 50 pang'ono. Komanso pa makina anuwo magetsi a SATA amadzera pa motherboard. Tsegulani chivundikiro mulondole chingwe cha hard drive, muona pamene chathera. Kukoka mawati oposa 100 kudzera pamenepo ndi kuika motherboard yonse pamoto.

Izi ndinaziona ndi maso anga. Msuweni wanga anabwera ndi kompyuta kunyumba ataikiridwa kachingwe kotere ndi amene anamugulitsa khadi. Inagwira masabata atatu. Tsiku lina akusewera mpira wa pakompyuta anamva fungo la pulasitiki, sikirini n'kuda. Titatsegula tinapeza waya wachikasu wa kachingweko wasanduka wakuda, pulagi yasungunuka n'kumatirira pa inzake, osatheka kuzula. Hard drive inapita ndi zithunzi zonse za ana ake. Inu muli ndi makanema a eni ake amene analipira kale, ndipo ukwati suchitika kawiri.

Tsono gulani khadi limene limakhuta ndi mawati 75 a pa motherboard, lopanda kabowo ka chingwe. Ine ndikanakhala inu ndikanafuna GTX 1650 ya 4GB, ya mu 2019. Imadya mawati 75 ndipo ili ndi NVENC, kachigawo kamene kamathandiza kutulutsa makanema mofulumira m'mapulogalamu monga Premiere Pro ndi OBS. Pa ntchito yanu chimenechi ndiye chofunika. Opanga ake, a Nvidia, amati khadili lifuna power supply ya mawati 300, inu mwaperewera ndi 10. Musaope. Nambala imeneyo amaika ndi mpata wambiri, ndipo tikawerenga 84 ndi 75 ndi zotsalazo mukhala pafupi ndi 200. Ndayikapo khadi limeneli m'makompyuta a muofesi otere kangapo osaona chovuta.

Koma samalani, si GTX 1650 iliyonse. Mitundu ina ili ndi kabowo ka mapini 6, ndipo GTX 1650 Super, ya mawati 100, imafuna chingwe nthawi zonse. Musadalire dzina lokha. Uzani wogulitsa ajambule khadilo m'mphepete monse, pamwamba ndi kumapeto, muone nokha kuti palibe kabowo.

Ngati thumba lingalole, RTX 3050 ya 6GB ya mu 2024 imadya mawati 70 ndipo ndi yamphamvu kuposa GTX 1650. Onetsetsani kuti ndi ya 6GB, chifukwa ya 8GB imadya 130 ndipo ifuna chingwe. Ndalama zikavuta kwambiri, GTX 1050 Ti ya mu 2016 ikadali yothandiza, nayonso ya mawati 75.

Makhadi awiri amene anthu adzakuuzani, ine ndikuti asiyeni. RX 6400 imadya mawati 53 okha, zoona, koma ilibe kachigawo kotulutsira makanema kaja, komanso imachepa liwiro pa motherboard ya PCIe 3.0 ngati yanu. GT 1030 nayonso ilibe NVENC, mungotaya ndalama.

Pali nkhani ya makhadi achinyengo, makamaka pa GTX 1050 Ti. Anthu ena amatenga khadi lakalekale, n'kulisintha dzina mkati kuti kompyuta iziliwerenga ngati latsopano. Chizindikiro chosavuta ndi ichi: yang'anani kumbuyo kwa khadi. Mukaona pulagi ya VGA, ija ya buluu ya mabowo 15, chokanipo, chifukwa GTX 1050 Ti yeniyeni ilibe VGA. Pogula nyamulani kompyuta yanu, kapena wogulitsa abwere nalo kwanu. Likeni, tsegulani kapulogalamu kaulere ka GPU-Z muone ngati dzina ndi kukula kwa memory zikugwirizana ndi zimene akunena, kenako tulutsani kanema wa mphindi khumi muli limodzi. Gwirani bokosi la kompyuta mumve ngati latentha, mverani fani. Wogulitsa wokana kuyesa akudziwa chimene akubisa. Ndipo ngati sikirini yanu ndi ya VGA yokha, muikiretu padera ndalama ya kolumikizira kochoka pa HDMI kupita pa VGA.

Musanapite, tengani rula muyese kutalika kwa malo kuchokera kumbuyo kwa bokosi kufika pamene pali hard drive ndi zingwe za SATA. Makhadi aafupi a fani imodzi ndi amene amalowa mosavuta mmenemo.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangosintha power supply n'kugula RX 580 ija. Zimatheka, koma motherboard yanu imalandira pulagi ya mapini 8 ya Dell, pamene power supply zogula pashopu zimabwera ndi ya mapini 24, ndiye pafunikanso cholumikizira china. Mukaphatikiza power supply yodalirika, cholumikiziracho ndi khadi, mtengo uja wasiya kukhala wabwino. Komanso ma RX 580 ambiri anagwirapo ntchito yokumba ndalama za pa intaneti usana ndi usiku, ndipo wogulitsa sangakuuzeni. Power supply yotchipa yolembedwa 500W nayo musaikhulupirire msanga. Pa chomata chake funani mzere wa +12V, ma ampeya ake muchulukitse ndi 12. Mukapeza 18A, ndiye kuti ndi mawati 216 amene khadi ndi purosesa zingagawane, ngakhale pabokosi alembepo zazikulu bwanji.

Ndalama imene ingatsale mukagula GTX 1650, achimwene, ikani pa SSD, chosungira zinthu chofulumira kwambiri, ngati mukugwiritsabe hard drive, ndipo RAM ifike 16GB. Ndi mmene magetsi amazimirazimira kwathu kuno, UPS yaing'ono, batire losunga magetsi a kompyuta, ikupatsani mphindi zosungira ntchito musanazimitse. Mukaika khadilo mundilemberenso, ndikufuna kumva kuti ukwati umodzi ukutenga maola angati tsopano.